Jakisoni wa makwinya a m'mbali mwa maso: lamulo la ku England likuti chiyani, nanga munthu ayambe liti?

Mukakhala ku England, nkhani ya Botox imakupezani yokha: ku saluni pomangitsa tsitsi, pa foni, ngakhale kuntchito nthawi ya tiyi. Mnzanu akuti anayamba ali ndi zaka 26, wina akuti mukachedwa ndiye kuti mwaphonya. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu ayenera kukhala ndi mayankho ake singano isanafike pafupi ndi diso.

Kodi jakisoniyu amachita chiyani kwenikweni?

Botox ndi dzina la malonda chabe. Pali enanso monga Bocouture ndi Azzalure. Mankhwala ake ndi botulinum toxin, poizoni wochokera ku bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, amene amaperekedwa pa mlingo wochepetsetsa. Diso lililonse lazunguliridwa ndi mnofu umene umakokana mukamaseka, mukamatsinzina kapena mukamayang'ana padzuwa. Kukokana kumeneku ndi kumene kumapinda khungu la m'mbali mwa diso. Mankhwalawa amatseka uthenga wochokera ku mtsempha kupita ku mnofuwo, ndiye mnofu umafooka, khungu n'kusiya kupindika.

Ku America bungwe loona za mankhwala la FDA linavomereza Botox pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002, ndipo a m'mbali mwa maso mu 2013. Mlingo wolembedwa wa m'mbali mwa maso ndi mayunitsi 24: 12 mbali iliyonse, pa malo atatu. Kusintha kumayamba kuoneka pakatha masiku awiri kapena atatu, kumakwanira pakatha pafupifupi milungu iwiri, ndipo mphamvu yake imatha pakapita miyezi itatu kapena inayi.

Lamulo limalola munthu wa zaka zingati?

Kuyambira pa 1 Okutobala 2021, ku England ndi mlandu kubaya munthu wosakwana zaka 18 jakisoni wa botulinum toxin kapena wa filler (mankhwala odzaza malo olowa pakhungu) pofuna kukongoletsa. Lamulo lake ndi Botulinum Toxin and Cosmetic Fillers (Children) Act 2021. Chilolezo cha makolo sichisintha kanthu: ngakhale mayi apite naye yekha mwana wawo n'kusayina, mlandu ulipobe. Ngakhale kungomulembera tsiku loti adzabayidwe, mwini bizinesi walakwa kale. Mpata ulipo pokhapokha dokotala atavomereza pa chifukwa cha matenda.

Ndiye kuti zaka 18 ndi nthawi yabwino yoyambira?

Ayi. Lamulo langoika mpanda woteteza ana, silikunena kuti wakwanitsa 18 akufunika jakisoni. Palibe chaka chobadwa chimene chimatsegula khomo limeneli, kaya 25, 30 kapena 40. Chimene chimayankha ndi nkhope yanu.

Imani pagalasi m'mawa, pafupi ndi windo, musanadzole chilichonse. Sekani monga mumasekera mukakumana ndi mnzanu wakale. Mizere ioneka m'mbali mwa maso, ndipo zimenezi n'zachibadwa: ngakhale mwana wa sukulu akaseka imaoneka. Tsopano masulani nkhope, mudikire pang'ono. Ngati khungu labwerera pamalo pake losalala, mulibe makwinya okhazikika. Muli ndi nkhope imene imaseka basi. Ngati mizere yatsalirabe nkhope ili phee, ngati yojambula ndi nsonga ya singano, ndiye kuti yayamba kukhazikika. Apa ndi pamene kukambirana ndi dokotala kumakhala ndi maziko, ngati mizereyo ikukusowetsanidi mtendere. Ngati sikukusowetsani mtendere, palibe chimene mukuchedwa nacho.

Kwa ife a khungu lakuda pali chinanso. Khungu lathu limadziteteza ku dzuwa kuposa khungu loyera, choncho makwinya ang'onoang'ono nthawi zambiri amabwera mochedwerapo. Zimandimvetsa chisoni kuona mtsikana wathu wa zaka 24, khungu lili see, akudziyeza ndi mnzake wachizungu wa kuntchito n'kuyamba kufunafuna vuto pankhope pomwe palibe.

Nanga zoti ukayamba msanga umapewa makwinya?

Mfundo yake imamveka: pepala limene silikupindidwa silichita mzere. Koma ogulitsa amakonda kutchula lipoti la mu 2006 lonena za mapasa awiri, mmodzi wobayidwa kwa zaka 13 ndi wina wobayidwa kawiri kokha. Anthu awiri sangakhale chifukwa choti mtsikana aliyense ayambe jakisoni. Ndiponso mnofu umene wafooketsedwa kwa zaka zambiri umatha kuchepa. Amene amapindula motsimikizika mukayamba pa 22 m'malo mwa 38 ndi amene akulandira ndalama katatu pachaka.

Zimene zimakalambitsa khungu la m'maso msanga zimadziwika: dzuwa ndi fodya. Mafuta oteteza ku dzuwa, magalasi akuda, kusiya kusuta, ndiponso kukayezetsa maso ngati mumangotsinzina powerenga foni, zonsezi zimayenera kukhala patsogolo.

Ndani amaloledwa kupereka mankhwalawa?

Funso ili ndi lofunika kuposa la zaka. Ku UK botulinum toxin ndi mankhwala olembedwa ndi wachipatala. Sagulidwa ngati mafuta odzola. Amene angakulembereni ndi dokotala, dokotala wa mano, kapena namwino ndi wamankhwala amene ali ndi chilolezo cholembera mankhwala. Ayenera kukuonani maso ndi maso. Madokotala analetsedwa kulemba mankhwalawa pa foni kapena pa kanema mu 2012, ndipo kuyambira pa 1 Juni 2025 bungwe la anamwino la NMC linaikanso lamulo lomwelo kwa anamwino ndi azamba. Anamwino athu amene akuganiza zochita ntchito imeneyi monga ganyu wapambali achidziwe bwino chimenechi, chifukwa chimakhudza chiphaso chawo cha ntchito.

Pobowoka ndi apa: wolemba mankhwala ayenera kukhala wachipatala, koma wogwira singano angathe kukhala munthu amene sanaphunzirepo zachipatala. Lamulo la Health and Care Act 2022 linapatsa boma mphamvu zokhazikitsa ziphaso, ndipo mu Ogasiti 2025 boma linalengeza kuti malo obayira Botox ndi filler adzafunika chiphaso chochokera ku khonsolo. Inu musadalire chikwangwani chokongola. Funsani dzina la amene akulemba mankhwala, mulifufuze m'kaundula wa bungwe la madokotala la GMC kapena wa NMC pa intaneti. Makaundula a Save Face ndi JCCP amathandizanso kupeza obaya amene anawunikidwa.

Dziwaninso kuti kutsatsa mankhwalawa kwa anthu wamba n'koletsedwa. Mukaona uthenga pa Instagram woti Botox watsika mtengo mpaka Loweruka, munthuyo waphwanya kale lamulo musanakumane naye n'komwe.

Kodi zotchipa zili ndi vuto lanji?

Bungwe la boma loona za chitetezo cha umoyo la UKHSA linalengeza kuti pakati pa 4 Juni ndi 14 Julayi 2025 anthu 38 ku England anadwala botulism, matenda obwera ndi poizoni ameneyu, atabayidwa jakisoni wokongoletsa, ndipo kufufuza kunaloza ku mankhwala osavomerezeka. Matendawa amafooketsa minofu ya thupi, mpaka ya kupuma. Choncho musanakhale pampando, pemphani kuona kabotolo: dzina lake, tsiku lotha ntchito, nambala yake. Wobaya woona sakwiya ndi pempho limeneli. Mukabayidwa n'kuyamba kuvutika kumeza, kulankhula mokoka lilime, kuona zinthu ziwiriziwiri kapena kubanika, pitani kuchipatala nthawi yomweyo kapena imbani 999, ndipo muwauze za jakisoniyo ngakhale patapita milungu.

Ngakhale mankhwala enieni ali ndi zovuta zake. Khungu la pafupi ndi diso ndi lopyapyala, limachita mikwingwirima mosavuta. Mutu umatha kupweteka tsiku loyamba. Mankhwala akafalikira kumene sanayenere, chikope chimatha kugwa kapena kumwetulira kumapendekeka, ndipo palibe jakisoni wochotsera: mumangodikira kuti mphamvu ithe. N'chifukwa chake si nzeru kuyesa koyamba kutatsala sabata imodzi kuti ukwati kapena chinkhoswe chichitike.

Ndani sayenera kubayidwa?

Woyembekezera, woyamwitsa, amene ali ndi chilonda kapena matenda a pakhungu pamalo obayapo, ndi amene ali ndi matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis. Nenani mankhwala onse amene mukumwa, osabisa.

Filler ndi chimodzimodzi?

Ayi ndithu. Filler amadzaza malo olowa, monga kunsi kwa diso, ndipo safooketsa mnofu. Akalowa mumtsempha wa magazi amatha kuwononga khungu, ndipo mwa apo ndi apo munthu amasiya kuona. Wina akakuuzani kuti awonjezere filler tsiku lomwelo poti mwabwera kale, kanani, mupite kunyumba mukaganize.

Zimadya ndalama zingati, nanga ndikasiya chimachitika n'chiyani?

NHS, nthambi yoyendetsa zipatala za boma kuno, silipira jakisoni wokongoletsa, ndipo imanena kuti ulendo umodzi umakhala pakati pa mapaundi 100 ndi 350. Katatu pachaka, pa mtengo wa mapaundi 200, ndi mapaundi 600; zaka khumi ndi mapaundi 6,000. Kwa munthu amene mwezi uliwonse akulipira lendi kuno n'kutumizanso fizi kumudzi, masamu amenewa awerengedwe papepala asanapite kokabayidwa koyamba, osati atazolowera kale nkhope yatsopano.

Mukasiya, nkhope siiwonongeka. Mnofu umadzuka pang'onopang'ono, ndipo pakatha miyezi ingapo mizere imabwerera monga mwa msinkhu wanu. Ambiri amaona ngati yawonjezeka chifukwa maso anali atazolowera khungu losalala. Jambulani chithunzi pa windo lomwe lija, china mukuseka ndi china nkhope ili phee, tsiku loti mawa mukabayidwa, kuti mudzakhale ndi poyerekezera.