Mayiko ayambanso kulakalaka magetsi a nyukiliya: chasintha n'chiyani?

Pa 15 Epulo 2023, dziko la Germany linazimitsa ng'anjo zake zitatu zomaliza za nyukiliya. Chaka chomwecho chisanathe, pa msonkhano wa zanyengo ku Dubai, mayiko oposa 20 analonjeza kuchulukitsa katatu magetsi a nyukiliya pofika 2050. Kusemphana kumeneku kumamveka bwino munthu akadziwa zochitika mkati mwa ng'anjomo.

Ndodo zodzaza ndi yureniyamu zimamizidwa m'madzi. Maatomu, tizidutswa tosaoneka ndi maso ta yureniyamuyo, akamasweka amatulutsa kutentha, madzi amasanduka nthunzi, nthunziyo n'kumazunguza makina opukusa magetsi. Kuzimitsa sikuvuta, chifukwa pali ndodo zina zimene zikalowetsedwa pakati zimaletsa kuswekako m'masekondi ochepa. Chovuta n'chakuti ng'anjo yozimitsidwa imatenthabe, ngati mafuwa amene amakuwotcha nkhuni utazichotsa kale. Ikangozimitsidwa, pamatsala pafupifupi magawo 7 pa 100 a kutentha kwake, ndipo pa ng'anjo yaikulu amenewa ndi mamegawati pafupifupi 200. Amachepa msanga, komabe mapampu ayenera kupopa madzi ozizira kwa masiku ambiri osapumira.

Apa m'pamene panalakwika ku Fukushima, m'dziko la Japan, pa 11 Malichi 2011. Chivomerezi chitachitika, ng'anjo zinazima zokha monga zinakonzedwera, majenereta a dizilo n'kuyamba kuyendetsa mapampu. Ola lisanathe, funde lalitali mamita pafupifupi 14 linadumpha khoma la m'mbali mwa nyanja n'kumiza majeneretawo, ambiri mwa iwo anali m'zipinda zapansi. Mapampu anaima, mkati mwa ng'anjo zitatu munasungunuka, ndipo anthu oposa 100,000 anasamutsidwa. Kunena zoona, kuika jenereta pansi m'mphepete mwa nyanja yodziwika ndi mafunde otere kunali kusasamala kwa anthu.

Mantha anafalikira ngati moto wolusa. Mu Juni chaka chomwecho, anthu 94 pa 100 alionse amene anavota ku Italy anakana nyukiliya. Mtengo wa yureniyamu, umene unali pafupifupi madola 70 pa paundi (pafupifupi theka la kilogalamu), unatsika mpaka pansi pa 20 mu 2016. Kuno kwathu tinazimva: mgodi wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009, unaimitsa ntchito mu 2014.

Tsono chabweza mitima n'chiyani? N'zoona kuti ng'anjo zina zatsopano zili ndi matanki a madzi pamwamba, oti magetsi akazima madziwo amatsika okha popanda pampu. Koma ovota ambiri sadziwa za matankiwo. Chinawakhudza ndi bilu ya magetsi. Russia italowa m'dziko la Ukraine mu 2022, gasi anakwera mtengo ku Ulaya konse, ndipo Belgium, imene inali itatsimikiza zotseka, inawonjezera zaka khumi pa ng'anjo zake ziwiri. Palinso nkhani ya utsi: nyukiliya satulutsa mpweya wotenthetsa dziko monga amachitira malasha, ndipo sayembekezera dzuwa kapena mvula. Mu Januwale 2024 yureniyamu anadutsa madola 100, ndipo Kayelekera anayambanso kugwira ntchito mu 2025 m'manja mwa kampani ya Lotus Resources.

Zimene sizinasinthe ndi ndalama ndi nthawi. Ng'anjo ya Olkiluoto 3 ku Finland inayamba kumangidwa mu 2005, imayembekezeka kutha mu 2009, koma inayamba kugwira ntchito mokhazikika mu 2023. Zinyalala zake nazo n'zoopsa kwa zaka masauzande, n'chifukwa chake dziko lomwelo lakumba mosungira mamita oposa 400 pansi pa thanthwe.

Ofunsa kuti bwanji Malawi, mwini yureniyamu, osamanga yakeyake, adziwe izi. Akatswiri amalangiza kuti makina amodzi asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a magetsi onse a dziko, kuti akazima mwadzidzidzi dziko lonse lisagwe mumdima. Ng'anjo imodzi yaikulu imatulutsa mamegawati 1,000 kapena kuposa, pamene magetsi onse opangidwa m'dziko muno sakufika n'komwe pamenepo.