Mwakanena kupolisi za nkhanza za m'banja: chotsatira n'chiyani kuno ku Joni?

Apolisi a SAPS akalemba sitetimenti yanu, iwerengeni kapena akuwerengereni musanasaine. Ngati Chingerezi kapena Chizulu chikukuvutani, nenani, ndipo pemphani womasulira. Mlandu ukatsegulidwa mumalandira nambala yotchedwa CAS, kawirikawiri pa SMS. Ilembeninso papepala n'kukasungitsa kwa munthu amene mumamukhulupirira, chifukwa foni ndi imene wankhanza amayamba kulanda kapena kuswa. Funsaninso dzina ndi nambala ya wapolisi wofufuza mlanduwo.

Lamulo la Domestic Violence Act la 1998 likuti apolisi akuthandizeni kupeza chipatala ndi malo ogona otetezeka, komanso akufotokozereni ufulu wanu. Akakubwezani kuti "kakambiraneni kunyumba", pemphani kuonana ndi mkulu wa polisiyo.

Kuchipatala musachedwe, ngakhale bala likuoneka laling'ono. Dokotala amalemba fomu ya J88, ndipo fomuyi ndi imene idzakuyankhulireni kukhothi zotupa zitaphwa. Muonetseni paliponse, ngakhale pobisika. Ngati anakukanyangani pakhosi, nenani ndithu: mawu osasa, kuvutika kumeza kapena kupuma zikhoza kuyamba patapita maola, khungu lisakuonetsa kanthu. Woyembekezera apimidwe tsiku lomwelo. Ngati anakugwiririrani, kaya ndi mwamuna wanu wa ukwati, umenewo ndi mlandu. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Mapiritsi oletsa mimba yangozi aliponso. Ngati n'kotheka musasambe, ndipo zovala muziike m'thumba la pepala, osati m'jumbo. Malo a Thuthuzela, monga amene ali pachipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto, amapereka chithandizo, uphungu ndi thandizo la apolisi pamalo amodzi, kwaulere.

Wankhanzayo akamangidwa, amayenera kukaonekera kukhothi pasanathe maola 48, koma maolawo akathera nthawi imene khothi silikugwira ntchito, monga Loweruka, Lamlungu kapena tsiku la tchuthi, amakaonekera tsiku lotsatira la khothi. Pa milandu ya nkhanza za m'banja belo saperekanso kupolisi, amagamula ndi khothi, ndipo mantha anu ayenera kumvedwa. Komabe akhoza kutuluka. Masiku oyambawa ndi oopsa kuposa ena onse, choncho konzeranitu kogona kumene iye sakudziwa, ndipo pasipoti, makadi a ana a kuchipatala ndi mankhwala anu zikhale m'chikwama chimodzi.

Chikalata chokutetezani, chimene amati protection order, ndi nkhani ina payokha. Chimapemphedwa kukhothi la majisitireti, kwa kalaliki wa khothi, popanda kulipira, kaya mwatsegula mlandu kaya ayi. Majisitireti akhoza kupereka chikalata chakanthawi msanga, koma chimayamba kugwira ntchito wankhanzayo akachilandira kapena akadziwitsidwa. Patsiku lobwerera kukhothi musajombe. Wankhanzayo akaphwanya zimene chikalatacho chikulamula, pitani nacho kupolisi pamodzi ndi kalata yomumangira imene khothi linakupatsani.

Ndiye pali mafoni akumudzi. Apongozi ayimba pa WhatsApp, ankhoswe nawonso: "Mwana wanga, banja n'kupirira, kathetse mlanduwo, ndalama atitumizira ndani?" Ankhoswe ali ndi malo awo, koma ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, inu mukugona m'chipinda chimodzi ndi munthuyo ku Yeoville. Dziwaninso kuti mlandu ukatsegulidwa, wothetsa si inu. Amagamula ndi woimira boma pa milandu.

Ambiri amakhala chete chifukwa cha mapepala, ndipo wankhanza amadziwa kuopseza nazo. Lamuloli limateteza aliyense wokhala m'dziko muno, mbadwa ndi mlendo yemwe, mkazi ndi mwamuna yemwe. Ngati permit inatha kapena mulibe, yambani mwafunsa upangiri kubungwe la maloya la Lawyers for Human Rights ku Braamfontein, kapena pemphani a POWA, bungwe lothandiza amayi ochitiridwa nkhanza, akuthandizeni. Kusowa tulo, kudzidzimuka ndi mtima kugunda kwambiri zimachitika pambuyo pa nkhanza. Zikapitirira milungu ingapo, kauzeni namwino kukiliniki.

Pangozi imbani 10111. Pofuna uphungu usana kapena usiku, imbani 0800 428 428 kwaulere.