Mercury m'mitsinje ndi m'madambo: mayankho kwa okumba golide ku Kasungu

Chiyambireni kukumbutsa anthu kuti asamatsukire golide ndi mercury (chitsulo chamadzimadzi chomwe chimagwira golide) m'madzi, anthu sakutha phazi ku ofesi kwathu, ena atakwiya ndithu. Mafunso amene akubwerabwera ndi awa.

Kodi mukuletsa kukumba golide?
Ayi. Chomwe malamulo akuletsa ndi kuthira poizoni m'madzi.

Mercury ndi wolemera, amangomira. Avuta chiyani?
Vuto lili pansi pomwepo. M'matope akuda a m'dambo, momwe simufika mpweya, mumakhala mabakiteriya monga Desulfovibrio ndi Geobacter. Mercury akamasungunuka pang'onopang'ono amakakamira pakhungu la mabakiteriyawa, pamalo pomwe pali sulufule, poti ziwirizi zimagwirana kwambiri. Kenako amalowa mkati n'kusandulika methylmercury, mtundu wa mercury wa poizoni kwambiri. Mu 2013 asayansi anapeza kuti majini (genes) awiri a m'mabakiteriyawa, hgcA ndi hgcB, ndiwo amagwira ntchitoyi. Tizilombo ta m'madzi timamutenga methylmercury ameneyu, matemba n'kudya tizilomboto, mlamba n'kudya matembawo, iye akuchulukirachulukira. Amawononga ubongo ndi mitsempha, makamaka ya mwana amene ali m'mimba. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matendawa anadziwika mu 1956 anthu atadya nsomba zoterezi. Sitikufuna zimenezo pa Bua kapena pa Dwangwa.

Nanga tikawamba kapena kukazinga nsombayo?
Sachoka, ali mumnofu.

Akuti pali mabakiteriya ena ochotsa mercury. Bwanji osawasiyira ntchitoyo?
Alipodi. Puloteni yawo ya MerP imamugwira, MerT imamulowetsa mkati, MerA n'kumusandutsa wouluka ngati nthunzi. Koma sanathe, wangokwera kumwamba, mvula idzamubweza.

Ndili ndi laisensi. Kodi zimenezi zikundikhudza?
Apa tiyankhe mosamala, chifukwa ena akuti tikulanda anthu chomwe boma linawapatsa. Sitikulanda kanthu. Laisensi imakulolani kukumba pamalo omwe alembedwamo, koma sikuchotserani udindo womwe uli m'lamulo losamalira chilengedwe la 2017. Zolembedwa m'malaisensi zimatha kusiyana, choncho sitingagamule za yanu tisanaione. Bwerani nayo tidzawerengere limodzi. Tikuvomereza kuti uthengawu sunafike msanga kumadera ena, koma zimenezo sizisintha lamulo.

Ndinagula kale mercury. Mundibwezera ndalama zanga?
Sitingalonjeze zimenezo, ndipo tikudziwa kuti yankholi ndi lowawa. Pakadali pano musungeni m'botolo lolimba lotsekedwa bwino, kutali ndi ana ndi kukhitchini. Musamukwirire, musamutayire m'chimbudzi, ndipo musaotchere golide wosakaniza ndi mercury m'nyumba, chifukwa utsi wake umalowa m'mapapo a aliyense amene ali momwemo.