Autopilot ikamangozima, yambani mwaunika mawaya

Autopilot ndi chipangizo chomwe chimawongolera boti loyenda ndi thanga mwini wake atasiya chiwongolero. Chili ndi kampasi yodziwira komwe boti laloza, kakompyuta koona ngati lapatuka, ndi mota yokankha chiwongolero kuti libwerere m'njira. Mumsika wa Zomba simungachipeze. Chimaoneka pa maboti ochepa a ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear. Koma matenda ake ndi omwewo amene amavutitsa sola ya m'nyumba ku Chinamwali kapena nyali za boti pa doko la Kachulu ku nyanja ya Chilwa, poti zonsezi zimadalira batire la mavoti 12.

Dandaulo lake silisintha. Padoko autopilot imayaka bwinobwino. Boti likafika pakati, mwera n'kuyamba, imangozima yokha n'kuyakanso, kapena kuliza alamu yoti magetsi achepa. Mwini boti amagamula msanga kuti yafa, n'kuyamba kufufuza mtengo wa ina ku Johannesburg. Nthawi zambiri chipangizocho chilibe mlandu. Magetsi akuchoka pa batire ali okwanira, koma akutayika panjira.

Autopilot zing'onozing'ono zogwira ndodo ya chiwongolero, monga ST1000 ndi ST2000 za Raymarine, zimagwira ntchito pakati pa mavoti 10 ndi 16. Pamadzi abata zimadya pang'ono. Mafunde akakula, mota imalimbana ndi chiwongolero ndipo imakoka maampu ambiri, kutanthauza magetsi ochuluka, mwadzidzidzi. Pa kamphindi komweko mavoti akagwa kupitirira malire, kakompyuta kamazima.

Batire muliyeze ndithu, koma mwanzeru. Chotsani sola ndi zonse zodya magetsi, lipume kwa maola angapo, kenako muikepo mita yoyezera mavoti. Lodzaza limaonetsa 12.6 kapena 12.7. Likamati 12.2 ndiye kuti lili patheka, 12.0 latsala pang'ono kutheratu. Mukaliyeza litangochoka pa sola lidzakunamizani ndi 13 yosakhalitsa. Lokalamba nalo limatha kuonetsa 12.6, koma mukangoyatsa nyali ziwiri limagwada. Mabatire a galimoto amene ambiri timathamangira chifukwa cha mtengo anapangidwira kulizira injini kwa masekondi ochepa. Kuwakama usiku ndi usiku ndi kuwafupikitsira moyo.

Batire likapezeka labwino, pitani kumapeto kwa waya, pa pulagi ya autopilot. Apa ndi pamene amisiri ambiri amaphonya: amayeza chipangizo chili chozima, mita n'kuonetsa 12.5, iwo n'kuti waya ali bwino. Waya wotsala ndi tiulusi tiwiri tokha amaonetsanso 12.5 ngati palibe chokoka magetsi. Zili ngati paipi yodzaza matope: mpopi ukakhala wotseka madzi amaoneka kuti alimo, koma mukautsegula amangodontha. Choncho yezani mota ikugwira ntchito. Mnzanu adine batani lokhotetsa boti uku akukaniza pang'ono chiwongolero ndi dzanja, inu maso ali pa mita. Batire likamati 12.4 pomwe pulagi ikutsika kufika 10.8, mavoti 1.6 akuthera m'njira.

Muyeso umene amisiri a maboti amatsata pa zipangizo zofunika chonchi ndi wakuti zotayika zisapitirire 3 pa 100 iliyonse, kutanthauza mavoti 0.36 basi. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti kuchoka pa batire kufika pa chiwongolero ndi mamita 8. Magetsi amapita ndi waya wofiira n'kubwerera ndi wakuda, ndiye ulendo wonse ndi mamita 16. Waya wa kopa wa 1.5 mm² atasenza maampu 5 amataya pafupifupi mavoti 0.9 pa mtunda umenewu, ali watsopano, wopanda chilema. Wa 4 mm² amataya 0.35. M'nyumba ya magetsi a ESCOM a mavoti 230, kutaya voti imodzi palibe angadziwe. Pa mavoti 12 ndi nkhani yaikulu. N'chifukwa chake waya wa mababu a m'nyumba sayenera ntchito imeneyi. Chenjeraninso ndi waya wotchipa wooneka ngati kopa: mupaleni ndi mpeni, akayera mkati ndiye kuti ndi aluminiyamu wongokutidwa, ndipo amataya magetsi kuposa kopa weniweni.

Kuti mupeze malo enieni, talikitsani chingwe chimodzi cha mita ndi waya wina. Nsonga imodzi ikhale pa mutu wa + wa batire, inayo pa + ya pulagi, mota ikukankha. Chimene mita iwerenge ndicho chikutayika mbali yofiira. Chitani chimodzimodzi ndi waya wakuda, amene anthu amamuiwala ngati kuti sasenza kanthu. Kenako yendani mfundo ndi mfundo: mbali ziwiri za fyuzi, za switchi, za polumikiza paliponse. Malo abwino amawerenga pafupifupi ziro. Amene akudya 0.2 kapena kuposa, makamaka ngati akufunda mukawakhudza, ndiwo wakuba wanu.

Mukamasula, mudzaona nokha. Mitu ya batire yaphuka ufa woyera mobiriwira. Timano ta pulagi ya panja, yomwe imathiridwa madzi tsiku lonse, tachita mbuu. Mukasenda waya, kopa m'malo mowala wada bii, ndipo kudako kwalowa mkati mwa chikopa kutalika ngati chikhatho. Wotere musavutike kumupala. Dulani mpaka mufike powala. Ku Chilwa zimafulumira, chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo ndipo madzi ake ndi amcheremchere. Zopotokola mawaya n'kumata tepi sizikhalitsa pamadzi. Gwiritsani ntchito malagi (tizitsulo tolumikizira toveka kumapeto kwa waya) ofinya ndi pulayala yake, waya wa kopa wokutidwa ndi tini ngati mungamupeze, ndipo mukamanga mupakepo girizi pang'ono.

Fyuzi ikamapsa mobwerezabwereza, musaikepo yaikulu, ndipo za msomali kapena kawaya zija ayi ndithu: batire limatha kuyatsa waya moto, ndipo pakati pa nyanja palibe kothawira. Chotsani autopilot mugwedeze chiwongolero ndi dzanja. Chikakhala cholimba, mwina chakola ukonde kapena udzu, kapena thanga lachuluka poyerekeza ndi mphepo, mota n'kumasenza katundu woposa msinkhu wake.

Pali vuto lina lofanana ndi la magetsi ochepa koma losiyana gwero. Mavoti ali bwino, koma mukangoyatsa wailesi kapena nyali, boti limakhota lokha. Waya wosenza magetsi amapanga maginito, sipika nayo ili ndi maginito ake, ndipo kampasi ya autopilot imawatsatira. Sunthani mawayawo ndi sipika zitalikirane ndi kampasi pafupifupi mita imodzi, kenako muyesenso boti likuyenda, mukuyatsa zipangizozo chimodzichimodzi.