Henry Mancini ankayeza mawu a woimba asanapeke nyimbo

Ophunzira anga akafunsa kuti kupeka nyimbo za m'filimu kumasiyana bwanji ndi kupeka nyimbo wamba, ndimawauza za Henry Mancini. Bambo ameneyu ankagwira ntchito ngati telala, amene amayamba wayeza munthu asanadule nsalu.

Mancini anabadwa mu 1924 ku Cleveland, m'dziko la America, kwa makolo ochokera ku Italy. Bambo ake, omwe ankagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo ku Pennsylvania, ndiwo anamuyambitsa kuimba chitoliro ali mwana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, analowa bandi ya Glenn Miller, imene panthawiyo inkatsogoleredwa ndi Tex Beneke, n'kumaimba piyano. Kuchokera mu 1952 anakhala zaka 6 ku kampani ya Universal akupeka tizidutswa ta nyimbo m'mafilimu ambirimbiri, ochuluka mwa iwo osatchuka n'komwe. Kumeneko ndiko dzanja linazolowera: kuyang'ana chithunzi, kuwerengera masekondi, n'kudziwa pamene nyimbo ilowere ndi pamene ikhale chete.

Luso limeneli limaoneka bwino pa "Moon River", ya mu filimu ya Breakfast at Tiffany's ya 1961. Audrey Hepburn, amene ankasewera mu filimuyi ndipo ndiye ankayenera kuimba nyimboyi, mawu ake sankapita patali, kaya m'mwamba kapena pansi. Mancini anamvetsera mmene mayiyu anaimbira mu filimu ya Funny Face, naona polekezera mawu ake, ndipo nyimbo yonse anaimanga mkati mwa malire omwewo. Kuchokera pa noti yotsikitsitsa kufika pa yokwera kwambiri pali manoti 9 okha. N'chifukwa chake Hepburn amaiimba atangokhala pawindo ndi gitala, osakakamiza kukhosi, ndipo womvera amakhulupirira kuti akudziimbira yekha. Atsogoleri a makwaya amene mumasankha nyimbo zopitirira mawu a anthu anu, apa pali phunziro lanu. Mawu a nyimboyi analemba ndi Johnny Mercer, ndipo filimuyi inapezetsa Mancini mphoto 2 mwa mphoto 4 za Oscar zimene analandira pa moyo wake.

Nyimbo ya mu filimu ya The Pink Panther ya 1963 nayonso anaipeka ali ndi munthu mmodzi m'maganizo, Plas Johnson, katswiri wa saksofoni. Kamvekedwe konyang'ama kaja, ngati munthu woyenda ndi zala usiku, kanasokedwera iyeyo. Ndipo ana a njovu amene anawajambula ku Tanganyika mu filimu ya Hatari! ndi amene anamupatsa kayendedwe ka "Baby Elephant Walk".

Anamwalira mu 1994 ku Los Angeles ali ndi zaka 70, ali mkati mokonza nyimbo za mu filimu ya Victor/Victoria kuti zikaimbidwe pasiteji.