Mababu abuluu aja sakuonetsani msewu, bambo

Sabata ino yokha anthu atatu afika pagalaja panga kuno ku Ulongwe atanyamula kabokosi kofanana. M'katimo muli mababu awiri a xenon, aja owala mwabuluu, timabokosi tiwiri ta balasiti tokweza mphamvu ya magetsi kuti mababuwo ayake, ndi mawaya opiringizana ngati mpheto za maungu. Onse mawu awo ndi amodzi: "Amisiri, ndiikireni izi, usiku sindikuona." Ndikafunsa kuti nyali zanuzo munaziyezetsa liti, amangondiyang'ana ngati ndafunsa dzina la agogo a agogo awo. Pakamwa pandiwawa kubwereza zomwezi, ndiye ndati ndilembe, mwina wina awerengako asanawononge mameticais ake.

Cholakwika chili pa ganizo loti kuona msewu kumachokera ku babu. Babu limangopereka moto. Chomwe chimatenga motowo n'kuuponya pamsewu ndi mbale yonyezimira ili kumbuyo kwake ija, imene ife timati rifulekita. Mbaleyo anaiumba potsata kawaya kakang'ono kamene kamayaka m'kati mwa babu wamba lija la halojeni, kaya nambala yake ndi H4 kaya H7. Kawayako kali ndi malo akeake, moti kakangosuntha milimita imodzi kapena ziwiri, kuwala konse kumapita kwina. Babu la xenon lilibe kawaya. Limayaka ndi kamphezi kodumpha pakati pa timitu tiwiri totalikirana mamilimita anayi, ndipo kamphezi kameneko kamapindikira m'mwamba, kowala kwambiri kumapeto konse kuwiri osati pakati. Mukalilowetsa m'mbale ya halojeni, mbaleyo imagwira ntchito yake mokhulupirika ndithu, koma ikuponya moto wochokera pamalo olakwika. Babu la H7 limatulutsa ma lumen (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala) pafupifupi 1,500, la xenon la mawati 35 limaposa 3,000. Ndiye kuti mwawirikiza kawiri kuwala kosochera. Kwina kumapita m'mitengo ya bulugama, kwina m'maso mwa mnzanu amene akubwera kutsogolo.

Mwini galimoto savomereza zimenezi, ndipo ndimamumvetsa. Akakhala pachiwongolero amaona pansi payera mbee, timiyala tonse tikuoneka, amvekere, "Apa ndiye kwacha." Koma payera pati? Mamita khumi kapena khumi ndi asanu patsogolo pa bampala. Diso la munthu likaona kuwala kwambiri pafupi limadzitsina, kamboni kaja kamachepa, ndipo kutali kuja kumada kuposa kale. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola mukudya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Kuti muone chinthu, phazi lifike pa buleki, galimoto iime, pamafunika mamita opitirira 50, pamsewu wouma, matayala ali bwino. Ngolo ya ng'ombe yopanda chonyezimira, kapena njinga yosenza matumba a mbatatesi, siikuyembekezani pa mamita khumi owala bwinowo. Ili kutsogolo uko, kumene nyali zanu zatsopano zasiya mdima.

Sindikunena kuti xenon ndi yoipa ayi. Inayamba pa BMW 7 Series mu 1991, ndipo magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene tikuyendera kunoko amabwera nayo kuchokera kufakitale, ndi mababu a D2S, D2R kapena D4S. Amenewo nyali yonse anaipangira xenon. Ambiri ali ndi kagalasi kobulungira kokhala ndi chotchinga m'kati, chimene chimadula kuwala mzere wowongoka ngati wadula ndi mpeni. Ali ndi kachipangizo kotsitsa nyali galimoto ikalemedwa kumbuyo, ndipo ku Ulaya malamulo amafunanso kuti nyali zowala choncho zikhale ndi chotsukira galasi, chifukwa fumbi lapagalasi limamwaza kuwala. Inu kabokosi kanu kogula pamsika kali ndi chiyani mwa zimenezi? Yang'anani pagalasi la nyali yanu kapena pamwamba pake mukatsegula boneti. Mukaona zilembo HC, HR kapena HCR, nyaliyo ndi ya halojeni, basi. Ya xenon imalembedwa DC, DR kapena DCR. Zilembo zimenezi sanazilembere kukongoletsa.

Kenako pali manambala apabokosi aja, 6000K, 8000K, 12000K. Mnyamata wina woyendetsa minibasi ya chapa anandiuza monyadira kuti iye safuna zachibwana, wagula za 12000. Ndinachita kukhala pansi. K ameneyo ndi mtundu wa kuwala, si mphamvu. Halojeni imakhala cha pa 3200K, xenon yakufakitale cha pa 4300K, yoyera motsamira kuchikasu pang'ono. Mukamakwera kuchoka pamenepo kuwala kumanka kusanduka kwabuluu, kenako kumapita kofiirira ngati maluwa a jakaranda, ndipo kumachepa. Wa 12000 uja analipira ndalama zambiri kuti aziona pang'ono. Pa phula lonyowa ndi mvula kuwala kwabuluu kumangomira, ngati wathira madzi pamchenga.

Za nyali zachifunga ndiye zimandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa kuno kumtunda chifunga timachidziwa. Mwezi wa June ndi July, m'mamawa kapena usiku, msewu wochoka ku Mussacama kukwera kuno mpaka ku Calomue, kapena wopita ku Tsangano, umatha kutsekeka moti ng'ombe umayamba kuimva fungo usanaione. Chifunga ndi timadontho tamadzi, ndipo kadontho kalikonse kamabweza kuwala kumaso kwako. N'chifukwa chake nyali yachifunga amaiika pansi, ndipo kuwala kwake n'kophwatalala, kotambalala m'mbali, kodulidwa pamwamba, kuti kuzikwawa pansi kukuonetse m'mphepete mwa msewu ndi mzere. Ntchito yake ndi yomweyo, ndipo imagwira uku ukuyenda pang'onopang'ono. Ukaikamo xenon m'malo mwa H3 kapena H11 yake, kuwala kumatumphukira m'mwamba, n'kukumangira khoma loyera patsogolo pa galasi. Kumunsi ku Moatize ndi ku Tete chifunga n'chosowa, koma fumbi la malole pa msewu wa N7 ndi utsi wa lupsa m'chilimwe zimachita chimodzimodzi. Onjezaninso kuti balasiti yoikidwa pansi pa bampala imasamba matope dzinja lonse. Mukafuna kusintha kanthu pa nyali zachifunga, ikani babu lachikasu la halojeni la nambala yomweyo, ndipo muzizizima kukakhala kulibe chifunga.

Pali nkhani imene sindimakonda kuikamba, koma ndi imene inandisiyitsa ntchito imeneyi. Zaka zingapo zapitazo, zinthuzi zitangoyamba kuchuluka, ndinkaziika ndithu, ndipo ndinkazitama. Bambo wina wogula chimanga ndi nyemba m'midzi anabwera ndi pikapu yake. Ndinamuikira xenon m'nyali zazikulu ndi zachifunga zomwe. Tinayesa madzulo pakhoma la galaja. Ndinaona ndi maso angawa kuti mzere wa dimu wasowa, khoma lonse langoti mbuu mpaka kumalata, koma bamboyo anali akuwomba m'manja, ndipo ine ndalama ndinali nditalandira kale. Ndinangotsitsa nyalizo pang'ono n'kunena kuti zili bwino.

Patapita milungu itatu anabweranso m'mawa, galimoto ilibe chilema chilichonse, koma iye nkhope yagwa. Usiku wathawo ankatsika atadzaza matumba, kumbuyo kwa galimoto kutakhala pansi, mphuno itadzuka. Kutsogolo kunkabwera kagalimoto kakang'ono. Woyendetsa kagalimotoko anamuphethirira kawiri katatu kupempha dimu, koma bamboyo anali kale pa dimu, analibenso poti n'kutsitsira. Winayo atathobwa m'maso anakhotera kumanzere kuthawa kuwalako, ndipo m'mphepetemo munali ngolo. Mnyamata amene ankakusa ng'ombezo anathyoka mwendo pawiri. Bamboyo anaima, anathandiza kumunyamula kupita naye kuchipatala, ndipo palibe anamuloza chala, poti galimoto yake sinagunde kanthu. Mlandu unagwera woyendetsa kagalimoto uja. Koma bamboyo ankadziwa, inenso ndinkadziwa. Anangoti, "Achimwene, chotsani zinthu zanuzi." Ndinachotsa osalankhula. Mnyamatayo ndimamuona nthawi zina tsiku la msika, wakula tsopano, amayenda chotsimphina. Iye sandidziwa. Mpaka lero ndimaganizabe za khoma lija, kuti linandiuza zonse madzulo amene aja, ine n'kusankha kusamva.

Tsono ndikakana, ambiri sataya mtima, amangowoloka msewu kupita kwa anyamata apansi pa mtengo amene ali ndi pulayala imodzi ndi tepi wakuda. Kumeneko ndiye kuli zoopsa zina zimene sizikhudzanso maso. Balasiti poyatsa babu imatulutsa mavoti opitirira 20,000. Si chinthu chogwira ndi manja onyowa, kapena cholumikiza popotokola mawaya ndi mano n'kukulunga ndi pepala la pulasitiki. Poyaka imakokanso magetsi ambiri kwa kanthawi, kuposa amene mawaya ena opyapyala akufakitale anawapangira. Fyuzi ikapsa, m'malo mofunsa chifukwa chake, mnyamatayo amaikapo yaikulu, kapena kawaya, kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi ndi mlonda. Ukachotsa mlonda, chotsatira kupsa ndi mtolo wonse wa mawaya kuseri kwa dashibodi. Ma Toyota ambiri akale, Hilux ndi Hiace zomwe, nyali zake zimayatsidwa podula mbali ya negetivu osati ya pozitivu. Wosadziwa zimenezi amalumikiza mwachizolowezi, ndiye mupeza dimu ndi fulu zasinthana, kapena kanyali kabuluu ka padashibodi sikakuzima, kapena switchi yapachiwongolero yasungunuka. Ndiye pali zida za H4 zotchipa zimene zili ndi kuwala kumodzi kokha, moti munthu amachoka alibiretu fulu, osadziwa. Ndipo xenon ikazima siyibwerera msangamsanga pa mphamvu yake yonse, imafuna masekondi angapo. Balasiti yotchipa ikatenthedwa ndi dzuwa la ku Tete lopitirira madigiri 40 lija n'kuzima muli pakona usiku, masekondi amenewo mulibe.

Ngati munaika kale, ndipo nyali imodzi yayamba kuphethira, kapena yasanduka yapinki, kapena mukumva kafungo ka pulasitiki yopserera mukayatsa, musadikire malipiro a mwezi wamawa. Anthu amandiuza kuti, "Ikumayaka ndikaimenya pang'ono." Galimoto zimene ndaziona zitapsa mawaya, eni ake onse anali atamva fungolo kwa milungu. Ngati aliyense wokumana naye akukuphethirirani muli pa dimu, sikuti onsewo ndi amisala kapena ansanje.

Nanga munthu amene sakuonadi usiku atani? Dandaulo lakelo ndi loona, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndimapeza chifukwa chake pasanathe theka la ola. Choyamba ndimaika mita pa babu penipeni injini ikulira. Pabatire pamakhala mavoti 14 kapena kuchepera pang'ono, koma pababu ndimapeza 12, nthawi zina 11 ndi theka, chifukwa mawaya akalamba, mapulagi achita dzimbiri, waya wa efi, wopita ku chitsulo cha galimoto uja, wangogwira ndi tsitsi limodzi. Halojeni imamva msanga njala ya magetsi: mavoti akatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kuwala kumatsika pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Kuika rileyi, kaswitchi koyendera magetsi kaja, ndi waya wonenepa wochokera kubatire, wokhala ndi fyuzi yakeyake, kumabweza kuwala konseko, ndipo munthu amadabwa ngati ndamuikira nyali zatsopano. Kenako galasi. Magalasi apulasitiki awa dzuwa lathu limawasandutsa achikasu ngati dzino la wosuta fodya. Amapalidwa ndi sandipepa wamadzi, kupukutidwa, n'kupakidwa mankhwala oteteza ku dzuwa, apo ayi pakatha miyezi yochepa abwereranso. Mbale yam'kati ikasupuka kapena ikalowa madzi, palibe babu lingaipulumutse, gulani nyali ina. Pogulapo samalani: ife timayenda kumanzere, ndipo dimu yathu imakwera pang'ono kumanzere kuti ionetse oyenda pansi ndi zikwangwani. Nyali yopangira maiko oyenda kumanja imakwera mbali inayo, molunjika m'maso mwa amene mukukumana nawo. Mababu a mawati 100 aja nawonso asiyeni, amawotcha pulagi ndi mbale yomwe. H4 ya 60/55 ya kampani yodziwika ndi yokwana.

Chomaliza ndi kuyeza, chimene aliyense angathe kunyumba. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, mamita khumi kuchoka pakhoma, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Yezani kutalika kwa pakati pa nyali kuchoka pansi, mulembe mzere wa choko pakhoma pa msinkhu womwewo. Yatsani dimu. Malire a kuwala akhale masentimita 10 mpaka 12 kunsi kwa mzerewo, ndipo pa magalimoto aatali ngati pikapu atsikeko pang'ono kuposa apo. Ngati galimoto yanu ili ndi kagudumu ka manambala 0 mpaka 3 kapena kupitirira pafupi ndi chiwongolero, kameneko n'kotsitsira nyali mukanyamula katundu, ndipo ndapeza madalaivala oyenda zaka zisanu osakagwirapo.

Mwa atatu a sabata ino, awiri anakwiya n'kunyamula timabokosi tawo. Wachitatu, bambo wachikulire wa Hiace, analola kuti ndiyeze kaye. Pababu lakumanzere panali mavoti 11.6, ndipo nyali yakumanja inkaloza kudenga chifukwa kapulasitiki kogwira sikuluwu yoyezera kanali katathyoka. Kabokosi ka xenon anakasiya pa shelefu panga, akuti akafunse ngati wogulitsayo angalole kubweza ndalama.