Zilembo za TSO pa altimeter sizikutulutsani mu mtambo

Anthu amene amamanga okha ndege zawo kuno ku Lusaka si ambiri, koma funso lawo ndi limodzi ndipo landitopetsa: "Amisiri, ndaona altimeter pa intaneti, yalembedwa TSO, yotchipa. Nditenge?" Munthu wapirira zaka akukhoma mapiko m'galaja, lero akufuna kuumira pa altimeter, chipangizo chosonyeza kutalika kumene ndege ili, chimene chidzamuuze ngati phiri lili pansi pake kapena kutsogolo kwake akalowa mu mtambo.

TSO ndi muyezo wa bungwe la FAA, loyang'anira za ndege ku America. Altimeter yolembedwa TSO-C10b inapangidwa motsatira muyezo umenewo, basi. Zilembozo sizinena kuti inagwapo pa simenti kangati, kapena yakhala m'kabati ya chinyezi zaka zingati. M'kati mwake muli timabokosi tachitsulo topyapyala timene timafufuma ndege ikamakwera n'kuphwa ikamatsika, ndi timagiya tonga ta wotchi. Zimenezi zimatopa. Choncho pogula, funsani pepala losonyeza kuti yayezedwa posachedwa, FAA 8130-3 kapena EASA Form 1 ya ku Ulaya, ndipo nambala ya papepala ifanane ndi ya pachipangizo. Wogulitsa akayamba kuzungulira, musiyeni.

Ena amabwera atawerenga kuti ku America ndege yomanga wekha safuna kuti altimeter yake ikhale ya TSO, bola ipambane mayeso. Lamulo limenelo ndi la kumeneko. Ndege yanu ili ndi 9J, chizindikiro cha ndege za ku Zambia, pathupi pake, ndiye musanatulutse ngwee pitani ku Zambia Civil Aviation Authority akakuuzeni, molemba, ngati ndegeyo angailole kuuluka pa IFR (kudalira mamita okha osaona pansi, monga mu mtambo) ndi zipangizo zimene akufuna.

Yang'ananinso kazenera kakang'ono ka presha. Zambiri zochokera ku America zili ndi mainchi okha, 29.92 ndi anzake, pamene kuno owongolera ndege a pa tawala amakupatsani QNH, presha ya mpweya yoti muike pa altimeter, mu hectopascal. Akati 1020, inu mukufunika 30.12, ndipo masamu amenewo muwachite ndege ikugwedezeka, mvula ikumenya galasi? Hectopascal imodzi ndi mafiti pafupifupi 30. Gulani ya hectopascal kapena ya zonse ziwiri.

Nkhani imene imandivutabe mumtima ndi ya bambo wina wachikulire, munthu waulemu, ndege yake yomangidwa mwaukhondo kuposa zina za kufakitale. Altimeter yake anaigula yakale. Ataika QNH anaona kuti muvi sukugwirizana ndi kutalika kwa bwalo, ndiye anapita nayo kwa wokonza mamita a galimoto m'tauni. Uja anamasula kasikuluwu ka pafupi ndi chopotokolera, n'kusuntha manambala mpaka muvi unaima pamene bamboyo amafuna. Pansi zonse zinaoneka bwino. Titaiika pa makina oyezera n'kuyamba kukoka mpweya, muvi unayamba kutsimphina: kuima, kudikira kuti ndigogode galasi ndi chala, kenako kudumpha. Potsika unkatsalira m'mwamba, kusonyeza kuti ndege ili pamwamba kuposa pamene ilidi. Kulakwa koteroko n'kumene kumapha.

Ndinawauza kuti, "Bambo, iyi isabwererenso m'ndege." Iwo anaseka pang'ono: "Mwana wanga, ine ndimauluka ndikuona pansi. Za mitambo ndidzakonza mvula ikayandikira." Anainyamula. Umenewo unali mwezi wa September, utsi wa moto wolusa utaphimba dziko moti zitunda za ku Lower Zambezi umaziona utafika kale pafupi. Amene amauluka kuno amadziwa kuti "kuona pansi" m'miyezi imeneyo ndi mawu chabe. Sanabwerenso, ndipo ndege yaing'ono ikamadutsa pamwamba nthawi ya mvula ndimadzifunsa ngati muvi uja ukadali mmenemo.

Kuyang'ana muvi uli pabwalo si mayeso. Inde, pa Kenneth Kaunda International uyenera kuonetsa pafupifupi mafiti 3,779, ndipo ukasemphana ndi mafiti oposa 75 musanyamuke. Koma apo mwaona malo amodzi okha. Mayeso enieni amakweza muvi sitepe ndi sitepe n'kuutsitsanso. Pa muyezo wa ku America, pa mafiti 4,000 usaphonye ndi oposa 35, pa 10,000 usaphonye ndi oposa 80, ndipo ndege ya IFR imayezedwa miyezi 24 iliyonse. Wokonza mawotchi ndi mamita alibe makina amenewo, ngakhale manja ake akhale ofewa bwanji. Chimene angachite ndi kubisa matenda.

Ndipo altimeter yatsopano ya mtengo wapatali imanama chimodzimodzi ngati timapaipi ta static, tobweretsa presha ya mpweya wa kunja ku altimeter, munalumikiza mwachisawawa. Pa ndege zomanga okha apa m'pamene ndimapeza zambiri: kapaipi kapulasitiki kopindika kuseri kwa panelo, kolumikizira kosamanga, kabowo ka static koboola pamalo pamene mphepo imazungulira. Kapaipi kakamayamwa mpweya wa m'kati mwa ndege, muvi nthawi zambiri umakukwezani kuposa pamene muli. Timayeza pokweza muvi mafiti 1,000 pamwamba pa bwalo n'kutseka. Ukatsika oposa 100 pa mphindi imodzi, penapake pakutuluka mpweya. Palinso mavu amene amamata dothi m'kabowoko ndege ikakhalitsa. Kabowoko kakatsekeka, muvi umaima pamene unali, inu mukutsika.

Amene mwaika sikirini ya EFIS, yoonetsa mamita a ndege pakompyuta, musaganize kuti nkhaniyi yakudutsani. Nayonso imadalira timapaipi tomweto, ndipo iyenera kugwirizana ndi zimene transponder, chipangizo chotumiza kutalika kwa ndege ku radar, ikuuza a pa tawala.

Mvula imayamba cha mu November. Ngati chipangizo chifunika kupita ku Johannesburg kukakonzedwa, kupita ndi kubwera pamodzi ndi za kasitomu zimadya masabata, choncho tumizani mwezi wa June kapena July, chitakulungidwa bwino m'bokosi lofewa m'kati. Chikabwera, chimangeni m'ndege ndipo static yonse iyezedwenso musanalembe pulani ya IFR.